Mwini Nyimbo Ndani?

Nyimbo zambiri zimene timayimba kumudzi sitidziwa amene anaziyamba. Nyimbo za pamtondo, za m'nthano, za pa dima, zotonthozera mwana ndi za pabwalo la gule tinazipeza ziripo. Amayi anazimva kwa agogo, agogonso anazimva kwa amayi awo. Zimenezi timazicha nyimbo za makolo.

Masiku ano oyimba ambiri amatenga nyimbo zotere, kuziyika gitala ndi zoyimbira zina, kenaka n'kuzijambula. Zikamveka pa wailesi, muulutsi amachula dzina la woyimbayo, ndipo nthawi zina amanena kuti ndiye anaipeka. Agogo akamva zimenezi amadabwa. Amati, "Mwanayu wapeka ciyani? Nyimboyi ife tinkayimba tiri atsikana." Woyimba uja nayenso ali ndi mawu ake. Amati anagona mocedwa masiku ambiri akusakaniza zoyimbira, ndipo popanda iye nyimboyo ikanathera kumudzi komweko.

Mkangano umenewu si wacibwana. Amene walembedwa kuti ndiye mwini nyimbo ndi amene amalandira ulemu, ndiponso ndalama nyimboyo ikagulitsidwa. Pali mabanja amene anagona ndi njala pamene nyimbo ya bambo awo inali kulemeretsa anthu ena. Nkhani ya banja limodzi lotere tiiwerenga m'phunziro lino.

Kupeka ndi kukonza

Kupeka nyimbo ndi kubweretsa nyimbo imene kunalibe. Wocita zimenezi m'Cipwitikizi amamucha compositor. Kukonza nyimbo ndi kutenga imene iripo kale ndi kuisintha kamvekedwe. Nchito yotere m'Cipwitikizi amati arranjo. Munthu amene wafolera nyumba ya mnzake wagwira nchito yaikulu ndipo ayenera kuthokozedwa. Koma sanganene kuti nyumbayo anamanga ndiye.

Kuti tione pamene pali malire, tiyambe tagawa nyimbo. Muli mawu, ndiwo amene tingawalembe m'kope. Muli cuni, ndiyo njira imene liwu limayenda pokwera ndi potsika. Mukayimba nyimbo ndi mluzu, cimene cimamveka ndi cuni cokha. Mulinso kagundidwe, kamene timakamva m'manja, m'ng'oma kapena m'munsi ukamagunda mumtondo.

Tsopano tiyerekeze kuti ku Ulónguè kuli mnyamata wodziwa gitala. Tsiku lina wamva azakhali ake akuyimba posinja cimanga, ndipo nyimboyo yamukomera. Waiphunzira, waipezera poyambira pa gitala, waifulumizitsa pang'ono kuti anthu athe kubvina, ndipo wauza anzake awiri kuti azibvomera, wina ndi liwu lalikulu, wina ndi laling'ono. Nyimbo yakoma kuposa kale. Koma mawu ndi omwe aja, cuni ndi comwe cija. Mnyamatayu wakonza, sanapeke.

Tsiku lina mnyamata yemweyo wamva ng'oma za cintali. Kagundidwe kake kamukhala m'mutu. Pa kagundidweko waikapo cuni cimene palibe anacimvapo, ndi mawu ake onena za mtengo wa mbatata pamsika. Apa wapeka. Kagundidwe ka cintali ndi ka tonse, monga mmene ciyankhulo ciriri ca tonse. Munthu akalemba kalata m'Cinyanja, sitinena kuti kalatayo si yake cifukwa coti mawu a Cinyanja anawapeza alipo.

Pali njira yapafupi yoyesera. Mnyamatayo ayimbe nyimbo yake pamaso pa agogo, osawauza kanthu. Agogo akayamba kubvomera okha asanaphunzitsidwe, ndiye kuti nyimboyo amaidziwa kale, ndipo ikadali ya makolo ngakhale yabvala gitala. Akangogwedeza mutu motsata ng'oma, koma osadziwa kumene cuni cikupita, ndiye kuti cinthuco n'catsopano.

Pamene pabvuta

Njira imeneyi imathandiza, koma simaliza milandu yonse. Nanga mnyamata uja akasunga cuni ca azakhali ake, n'kucotsa mawu onse, n'kuyikamo ake?

Zimenezi si zacilendo. Amayi akhala akucita zomwezo pamtondo kuyambira kale. Mayi amene wakhumudwa ndi mwamuna wake, kapena ndi apongozi, sapita kukakalipa pabwalo. Amatenga nyimbo yodziwika, kuikamo mawu okhudza bvuto lake, ndi kuyimba mokweza kuti wolakwayo amve ali pakhonde. Mnzake wosinja naye amabvomera mosabvuta cifukwa cuni amacidziwa. Mudzi wonse umadziwa kuti mawuwo ndi a mayi uja, ngakhale cuni ndi cakale. Apa tinganene kuti nyimbo ili ndi eni awiri. Cuni ndi ca makolo, mawu ndi a munthu mmodzi wodziwika.

Komabe Cinyanja ciri ndi khalidwe lina limene limasokoneza kugawa kumeneku. M'ciyankhulo cathu kukweza ndi kutsitsa liwu kumasintha tanthauzo. Chulani mawu akuti "mtengo" ponena za mtengo wa mango umene uli pabwalo la sukulu, kenaka muwachulenso ponena za mtengo wa sopo m'sitolo. Zilembo ndi zomwezo, koma liwu siliyenda mofanana. Woyimba wabwino amadziwa zimenezi ngakhale sanapite kusukulu. Akaika mawu atsopano m'cuni cakale, amacipinda pang'ono kuti mawuwo amveke bwino. Wina akadzaikamo ake, acipindanso. Pakapita zaka, cuni cija cimakhala citayenda ulendo wautali, mwakuti amene anaciyamba sangacizindikire. Palibe tsiku limodzi limene tingaloze kuti nyimbo yakale inathera apa, yatsopano inayambira apa.

Conco malire a kukonza ndi kupeka safanana ndi mzere wa m'munda umene mfumu yaponda ndi phazi. Koma tisafulumire kunena kuti malire kulibe. Pakati pa usiku ndi usana pali mbandakuca, nthawi imene munthu sangathe kunena bwino ngati kwaca, komabe palibe amene amasokoneza usiku ndi masana.

Opeka nyimbo a ku Zavala

Anthu ena amaganiza kuti nyimbo iriyonse yoyimbidwa ndi zoyimbira zakumudzi ndi yakalekale ndipo iribe mwini. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo anzathu Acopi a m'boma la Zavala, m'cigawo ca Inhambane, ndiwo umboni wake.

Acopi amachuka ndi timbila, zimene zimafanana ndi malimba. Amazisema ndi mtengo wa mwenje, ndipo pansi pa thabwa lililonse amamangapo cigoba cokuza mawu. Amuna ambiri amaziyimba pamodzi, zazing'ono ndi zazikulu, ndipo kutsogolo kwawo kumakhala obvina onyamula zishango. Gule wawo wamkulu amamucha ngodo. Ngodo imodzi imakhala ndi zigawo pafupifupi khumi zotsatana mwadongosolo. Zoyimbira zimayamba zokha, obvina amalowa, ndipo camkati mumabwera nyimbo yaikulu yochedwa mzeno.

Dongosolo limeneli ndi la makolo. Koma nyimbo za m'kati mwake zimapekedwa ndi munthu wodziwika dzina. Hugh Tracey, amene anayenda m'maiko ambiri a mu Africa akujambula nyimbo, anakhala ndi Acopi ndipo m'caka ca 1948 anatulutsa buku lochedwa Chopi Musicians. M'bukumo anafotokoza za akatswiri awiri, Katini ndi Gomukomu. Iwowa ankayamba ndi mawu, onena za zinthu zimene zinali kubvuta anthu pa nthawiyo, monga msonkho, cibalo, milandu ya mafumu ndi ulendo wa kumigodi ya ku Joni. Kenaka ankapeka cuni pa mbila, ndi kuphunzitsa gulu lonse. Pakapita zaka ziwiri kapena kuposerapo pang'ono, ngodo yakale inkasiyidwa, n'kupekedwa ina.

Mlendo wongofika ku Zavala akanati wamva nyimbo ya makolo. Koma mwana aliyense wa m'mudzimo akanamuuza kuti ngodo imeneyi ndi ya Katini, ndipo ndi ya caka catha. M'caka ca 2005 bungwe la UNESCO linaika timbila pa mndandanda wa cuma ca cikhalidwe ca anthu onse, pamodzi ndi Gule Wamkulu wa Acewa a ku Moçambique, Malawi ndi Zambia.

Kwathu kunonso nyimbo zina zimaulula zokha msinkhu wake. Nyimbo yochula njinga siyingakhale yakale kuposa njinga. Yodandaula za thonje la mokakamiza inayamba m'nthawi ya atsamunda. Yonena za msasa wa othawa nkhondo inapekedwa ndi munthu amene anakhalako, mwina ku Dedza kapena ku Ntcheu, ndipo inabwera ndi anthu pobwerera kwawo citatha cipangano ca mtendere ca 1992. Mwina woipekayo akali moyo.

Nkhani ya Solomon Linda

Solomon Linda anali Mzulu, wobadwa m'caka ca 1909 ku Natal, m'dziko la South Africa. Monga anyamata ambiri a nthawi imeneyo, anapita ku Johannesburg kukafuna nchito. Kumeneko ankatsogolera gulu la amuna oyimba popanda zoyimbira, lochedwa Evening Birds, limene linkapikisana ndi magulu ena m'makomboni kumapeto kwa sabata. Anapezanso nchito yolongedza mbale za galamafoni ku kampani ya Gallo.

M'caka ca 1939 gululi linajambula nyimbo yochedwa "Mbube", kutanthauza mkango m'Cizulu. Amuna a mawu aakulu ankabwereza mawu amodzi pansi, pamene Linda ankayimba pamwamba ndi liwu laling'ono ngati la mkazi. Cakumapeto, Linda anatulutsa kacuni kafupi kamene kanamubwerera pomwepo akuyimba. Sungani kacuni kameneka m'mutu, cifukwa tikumana nako kutsogoloku.

Kodi Linda anayambira popanda kanthu? Iyayi. Kutsogolera ndi kubvomera anakupeza m'nyimbo za ukwati za kwawo. Kugawa mawu aakulu ndi aang'ono kunali kofala m'makwaya a m'chalichi. Iye anali ngati mnyamata wathu uja pa tsiku laciwiri: anatenga kayimbidwe ka anthu onse, koma nyimbo yeniyeniyo kunalibe iye asanaiyimbe. Mbaleyo inagulidwa kwambiri, zokwana pafupifupi 100,000 m'zaka khumi zoyamba, mwakuti kayimbidwe konse ka magulu otere kanayamba kuchedwa mbube. Linda anangolandira ndalama zocepa kamodzi kokha, ndipo umwini wa nyimbo unapita ku kampani.

Mbale imodzi inawoloka nyanja mpaka ku America. Kumeneko inafika m'manja mwa woyimba wina, Pete Seeger, kudzera mwa Alan Lomax, munthu wosonkhanitsa nyimbo za makolo. Seeger sankadziwa Cizulu. Mawu amene amuna aja ankabwereza anawamva molakwika, ndipo nyimboyo anaicha "Wimoweh". Anaijambula ndi gulu lake la The Weavers, ndipo m'caka ca 1952 inachuka m'America monse. Pa mbale yawo, m'malo mwa dzina la wopeka, panalembedwa Paul Campbell. Munthu wa dzina limeneli kunalibe. Linali dzina longopanga, limene linkalembedwa pa nyimbo za makolo zimene gululo lakonza, kuti ndalama za umwini zipeze kolowera. Nyimbo ya Linda anaitenga ngati ya makolo a Azulu, yopanda mwini, ngakhale dzina lake linali pa mbale ya ku Johannesburg ija. Seeger atadziwa bwino za Linda anamutumizira madola 1,000, koma ndalama zambiri zinapitirira kupita kwina.

M'caka ca 1961 nyimboyo inasinthidwanso. George David Weiss, pamodzi ndi Hugo Peretti ndi Luigi Creatore, anaikonzera gulu la anyamata lochedwa The Tokens. Anaipatsa mawu a Cingerezi ndi dzina lakuti "The Lion Sleeps Tonight". Nanga mawu atsopanowo anawaika pa cuni citi? Pa kacuni kaja kamene Linda anatulutsa cakumapeto kwa mbale yake. Kanthu kamene kanamveka kanthawi kocepa m'caka ca 1939 ndiko kanasanduka msana wa nyimbo yonse. Nyimboyo inafika pa nambala wani ku America, ndipo amene analembedwa kuti ndi opeka anali atatu aja.

Tiweruze mwacilungamo. Weiss anagwiradi nchito. Mawu a Cingerezi ndi ake, ndipo kuona kuti kacuni kakang'ono kaja kangathe kunyamula nyimbo yonse ndi luso ndithu. Koma tikacotsa zonse zimene iye anaonjezera, nyimbo ya Linda imatsala iri ciriri. Tikacotsa za Linda, mawu a Cingerezi aja amasowa pokhala. Linda akanamva mbale ya The Tokens akanabvomera osaphunzitsidwa, monga agogo aja.

Solomon Linda anamwalira m'caka ca 1962 ali wosauka. Panapita zaka 18 banja lake lisanathe kuika mwala pamanda ake. Ana ake aakazi anakulira ku Soweto m'umphawi, pamene nyimbo ija inali kuyimbidwa m'ziyankhulo zambiri. M'caka ca 1994 inalowanso mu filimu ya Disney yochedwa The Lion King, imene inaonedwa ndi ana a dziko lonse lapansi.

Zinthu zinayamba kusintha m'caka ca 2000, pamene mtolankhani wa ku South Africa, Rian Malan, analemba nkhani yonseyi m'magazini ya Rolling Stone. M'caka ca 2004 maloya oimira banja la Linda anasumira Disney kukhoti. Anatsamira pa lamulo lakale la Britain la 1911, limene linkagwiranso nchito ku South Africa pa nthawi ya Linda. Lamulolo linkati ngakhale munthu agulitse umwini wa nchito yake, umwiniwo umabwerera kwa olowa m'malo mwake pakatha zaka 25 iye atamwalira. Mlanduwo sunafike pa cigamulo. M'mwezi wa Febuluwale 2006 kampani ya Abilene Music, imene inkasunga umwini wa "The Lion Sleeps Tonight", inabvomera kulipira banjalo, ndipo Linda anazindikiridwa kuti ndi mmodzi wa opeka nyimboyo. Apa n'kuti patapita zaka 67 cijambulireni "Mbube".

Lamulo ndi mwambo

M'caka ca 2001 dziko lathu linakhazikitsa lamulo loteteza eni nchito zolemba ndi zoyimba, Lei n.º 4/2001. Lamulolo linateteza wopeka moyo wake wonse ndi zaka 70 atamwalira. Linatetezanso wokonza, koma pa zokhazo zimene iye waonjezera. Nchito za makolo zimene mwini wake sadziwika linaziika m'manja mwa Boma, kuti munthu mmodzi asazitenge n'kuzitsekera ena. M'caka ca 2022 panabwera lamulo latsopano m'malo mwa limeneli.

Taonani tanthauzo lake kwa mnyamata wa gitala uja. Kayimbidwe ka gitala kamene waika m'nyimbo ya pamtondo ndi kake, ndipo wina sangangokakopera. Koma sangaletse azakhali ake kuyimba posinja, ndiponso sangaletse woyimba wina kukonza nyimbo yomweyo mwa njira yake. Pa cimbale cake ayenera kulemba kuti ndi nyimbo ya makolo yokonzedwa ndi iye. Akalembanso mudzi umene anaimva ndi dzina la amene anamuphunzitsa, wacita bwino koposa. Ndipo asanalembe kuti "ya makolo", ayambe wafunsa. Kawirikawiri akuluakulu amakumbukira kuti nyimbo yakuti inayamba caka ca njala, ndipo anaiyamba ndi mayi wa kutsidya kwa mtsinje.

Palinso nyimbo zina zimene lamulo la Boma silikwanira kuziweruza. Nyimbo za kudambwe ndi zina za m'cinamwali ziri ndi malo ake ndi anthu ake. Ngakhale woyimba atalemba moona kuti ndi za makolo, sizitanthauza kuti waloledwa kuzitulutsa pa wailesi. Zimenezo amafunsa kwa mfumu ndi kwa anamkungwi, ndipo akakana, zathera pomwepo.

Mafunso

1. Fotokozani m'mawu anu kusiyana kwa kupeka ndi kukonza nyimbo.
2. N'cifukwa ciyani cuni cimasintha munthu akaika mawu atsopano m'nyimbo ya Cinyanja? Pezani mawu ena awiri olembedwa mofanana koma osiyana kachulidwe ndi tanthauzo.
3. Mu ngodo ya Acopi, ndi ciyani cimene ciri ca makolo, ndipo ndi ciyani cimene ciri ca wopeka?
4. Kodi Paul Campbell anali ndani?
5. Mukanakhala woweruza, ndalama za "The Lion Sleeps Tonight" mukanazigawa bwanji pakati pa Linda ndi Weiss? Kambiranani m'magulu, ndipo gulu lililonse lipereke cifukwa cake.

Nchito ya kunyumba

Pemphani agogo kapena munthu wina wamkulu kuti akuyimbireni nyimbo imodzi ya pamtondo kapena ya m'nthano. Yambani mwawafunsa ngati nyimboyo ndi yololedwa kuyimbidwa kusukulu. Lembani mawu ake m'kope. Pansi pake lembani dzina la amene wakuyimbirani, mudzi wawo, amene anawaphunzitsa, ndi zimene akudziwa za ciyambi ca nyimboyo. Muwafunsenso ngati mawu ake ndi omwewo amene ankayimba ali ana.

M'kalasi, sankhani nyimbo imodzi mwa zimene mwabweretsa. Gulu loyamba liikonze popanda kusintha mawu kapena cuni. Gulu laciwiri liikemo mawu atsopano onena za sukulu yanu. Gulu lacitatu litenge kagundidwe kokha ndi kupeka nyimbo ina. Mukatha, itanani agogo amene anakupatsani nyimboyo kuti adzamve magulu onse atatu, ndipo mulembe gulu limene iwo alibvomera osaphunzitsidwa.